Lipoti la nkhani: kukonzekeretsa banja la mnyamata wa cerebral palsy ku opaleshoni ya miyendo, Dedza

Ndimagwira ntchito ya mafizo m'boma la Dedza, ndipo ambiri mwa ana amene ndimawaona sabata ndi sabata ndi a cerebral palsy, kulumala kobwera chifukwa chovulala ubongo mwana asanabadwe, pobadwa kapena ali wakhanda. Lipotili ndalembera anzanga a mafizo, anamwino ndi alangizi a zaumoyo a m'midzi, chifukwa ndife amene timakhala ndi banja dokotala wa mafupa akangonena kuti mwana akufunika opaleshoni n'kubwerera kwawo. Dzina la mwana ndi la mudzi wake ndazisiya dala.

Mbiri ya mwana ndi zimene ndinapeza

Ndi mnyamata wa zaka 8, wachitatu kubadwa mwa ana anayi, wochokera kumapiri a chaku Bembeke. Anabadwa masiku asanakwane, pa miyezi 7, ndipo anakhala masabata angapo kuchipatala ali pachifuwa pa mayi ake m'njira ija ya kangaroo. Anachedwa kukhala pansi, anakwawa mokoka miyendo, ndipo anayamba kuimirira chogwirira ali ndi zaka 4. Ali ndi zaka 3 anayamba kugwa khunyu, ndipo kuyambira pamenepo amamwa phenobarbitone usiku uliwonse. Amalankhula pang'onopang'ono koma mutu wake umagwira bwino. Amadziwa kuwerengera ndalama za tomato za agogo ake.

Manja ake ali bwino. Vuto lili m'miyendo yonse iwiri, monga zimakhalira kawirikawiri kwa ana obadwa osakwana masiku. Akaimirira amanyang'ama, mawondo ali opindika, miyendo ikupingasana ngati sizasi. Pa muyeso wa GMFCS, umene umagawa ana m'magulu 5 malinga ndi mayendedwe awo, iye ali pa 3: amayenda pokhapokha atagwira choyendera, ndipo ulendo wautali amachita kuberekedwa. Nditamugoneka chagada, ntchafu zinkatseguka pang'ono chabe, moti mayi ake ankavutika kumusambitsa m'mphechepeche. Mawondo sankawongoka onse. Phazi linkakwera bwino bondo likapindidwa koma linkakana bondo likawongoledwa, zomwe zimasonyeza kuti wafupika ndi mnofu wapamwamba wa katumba, umene umadutsa kuseri kwa bondo, osati mtsempha wonse wa kuchidendene. Kusiyana kumeneku n'kofunika kwambiri. Mwana wa miyendo iwiri yokungika akatalikitsidwa mtsempha wa kuchidendene mopitirira, amadzayenda monjuta moyo wake wonse, ndipo kukonza zimenezo n'kovuta kuposa vuto loyamba lija. X-ray ya chiuno inaonetsa kuti mitu ya mafupa a ntchafu ikadali m'malo mwake. Sikelo inali pa makilogalamu 18, yotsika kwa mwana wa msinkhu wake, ndipo magazi anali ochepa.

Maopaleshoni otere amachitika m'zipatala zochepa m'dziko muno. Ku Blantyre kuli Beit CURE, chipatala cha mafupa cha ana chimene chinatsegulidwa mu 2002. Ku Lilongwe kuli LION, chipatala cha mafupa ndi ubongo pa Kamuzu Central, ndipo pomwepo pali malo opangira zothandizira kuyenda. Mwana uyu anaonedwa ndi dokotala wa mafupa, amene analemba kuti atalikitsidwe minofu ya m'kati mwa ntchafu, ya kuseri kwa ntchafu ndi ya katumba, miyendo yonse pa nthawi imodzi, kenako zikhakha zazitali zokhala ndi ndodo yopingasa pakati kwa masabata 6. Anapatsidwa tsiku la mu Malichi, ku Blantyre.

Tsiku loyamba linadutsa, ndipo cholakwa chinali changa

Ndinafotokozera mayi okha, pa tsiku la kiliniki, anthu atandandika pabenchi panja. Sindinathe mphindi 15. Ndinanena kuti madokotala "akadula mitsempha imene yauma" kuti miyendo iwongoke. Nditafunsa kuti "Mwamva, mayi?" anayankha kuti "Eya, adokotala," natenga kabuku ka kuchipatala n'kubereka mwana. Ndinalemba m'kaundula kuti uphungu waperekedwa.

Tsiku lija litafika sanapite. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo ndiye anandiimbira foni kuti kumudzi akana. Ndinamupempha kuti andikonzere tsiku loti ndikaonane ndi banja lonse, ndipo Loweruka lina ndinakwera njinga yamoto kupita kumeneko.

Tinakhala pakhonde. Panali agogo aakazi, mayi, bambo a mwana, ndi atsibweni ake amene ndi mwinimbumba. Ulendo uno sindinayambe ndi kuphunzitsa. Ndinapempha aliyense kuti andiuze zimene anamva kuti zikachitika ku Blantyre, ndipo mayankho anali osiyana ngati kuti akunena za ana anayi.

Mayi anati mwana akabwerako akuyenda ngati anzake, azipita yekha kusukulu. Agogo anati ku fiyeta anaonako anthu akulowa ndi miyendo yawo n'kutuluka atafundidwa kumutu, nanga mwana wakugwa n'kumugonetsanso ndi mankhwala? Bambo anayang'ana pansi nati, "Ine ndine mkamwini pano, eni mbumba ndi awa." Atsibweni ndiwo anandigwira pakamwa. "Adokotala, ine ndimapha mbuzi. Mbuzi mukaidula mtsempha wa kuchidendene, imayendanso? Ndiye mukufuna mphwanga, amene akuyesako kuimirira, mukamudule?"

Anali ndi zifukwa zomveka, ndipo mawu amene anawaopsawo anachokera pakamwa panga. Ndinapepesa pamaso pa onse. Kuyambira tsiku limenelo sindinenanso kuti "kudula" kwa banja lililonse. Ndimati "kutalikitsa", chifukwa ndi zimene zimachitikadi.

Mmene ndinafotokozera

Popeza atsibweni amadziwa nyama, ndinayambira pomwepo. Ndinawafunsa za kanembanemba koyera, kolimba, kamene kamakuta mnofu wa mwendo wa mbuzi. Anati amakadziwa. Ndinati dokotala amacheka kanembanemba kameneko mopingasa, mnofu wa pansi pake osaudula, ndipo phazi likakwezedwa mnofuwo umatambasuka. Mpata umene watsala umadzaza wokha ndi mnofu wa chipsera mwana ali m'chikhakha. Ndiye chifukwa chake chikhakha sichichotsedwa msanga. Anagwedeza mutu, n'kubwereza okha kwa agogo m'mawu awo, bwino kuposa mmene ndinanenera ine.

Kenako panabwera nkhani yovuta, ya mayi. Ndinawauza poyera kuti opaleshoni imeneyi sikhudza ubongo. Mbali ya ubongo imene inavulala pa nthawi yobadwa sikuipiraipira, koma sichiranso, ndipo ipitiriza kutumiza uthenga woti minofu ikungike. Fupa la mwana limakula msanga kuposa mnofu wokungika, ngati kamtengo kamene kamangidwa luzi kali kakang'ono: kakamakula luzi lija limakakhotetsa. Opaleshoni imamasula luzi. N'chifukwa chake madokotala sathamangira kuichita mwana ali wamng'ono kwambiri, ndipo n'chifukwa chakenso kuuma kungathe kubwerera akamadzasinkhuka, makamaka ngati mafizo ndi zovala za kumapazi zasiyidwa.

Ndinati zimene tikuyembekeza ndi izi: aziponda ndi phazi lonse, miyendo isamapingasane, aziima nthawi yotalikirapo, aziyenda ndi choyendera osagwaigwa, ndipo kumusambitsa kuphweke. Zoyenda popanda chogwirira sindikulonjeza. Ndinawonjezera chinthu chimene mabanja ambiri sauzidwa, chimene chimawapweteka mtima pambuyo pake: zikhakha zikachotsedwa, mwana amakhala wofooka kuposa poyamba. Kukungika kuja ndi kumene kunkamuthandiza kuimirira. Pamatenga miyezi kuti abwerere pamene anali, ndipo phindu lenileni limaoneka pakatha pafupifupi chaka.

Mayi analira. Sindinawatonthoze ndi mawu otsekemera, chifukwa kulira kwa tsiku limenelo kunali bwino kuposa kudzalira mu Sepitembala akuganiza kuti mwana wawonongedwa. Agogo ndiwo anawagwira paphewa.

Funso la agogo ndinaliyankha motere: mankhwala ogonetsa ali ndi chiopsezo, ndipo sindingalumbire m'malo mwa Mulungu. Koma ana a khunyu amagonetsedwa n'kudzuka bwinobwino, ndipo zinthu zimene zimakulitsa chiopsezo zambiri zili m'manja mwathu: chifuwa, malungo, kuchepa kwa magazi, kudumphitsa mankhwala a khunyu, ndi chakudya m'mimba pa nthawi ya opaleshoni. Ndinaona kuti agogo apepukidwa atamva kuti pali ntchito yoti iwo agwire.

Sindinapemphe yankho tsiku lomwelo. Ndinasiya nambala yanga kwa mlangizi wa zaumoyo ndipo ndinati akakambirane. Patapita masabata awiri atsibweni anabwera okha kuchipatala, atavala jekete la kutchalitchi, kudzandiuza kuti avomera. Fomu amasaina ndi kholo, zimenezo n'zoona, koma m'midzi yambiri ya kuno fomu yosainidwa mwinimbumba asakudziwa imathera m'chikwama.

Kusankha nthawi ndi kukonza thupi la mwana

Tinapempha tsiku la kumapeto kwa Julayi. Nthawi imeneyo chimanga chili m'nkhokwe, kachewere wagulitsidwa, msewu wa kwawo ndi wouma, ndipo chikhakha sichinganyowe ndi mvula. Choipa chake ndi chisanu. Amene amadziwa Bembeke mu Juni ndi Julayi akudziwa mmene ana amatsokomolera. Tinagwirizana kuti mwana akayamba chifuwa kapena kutentha thupi sabata yomaliza, aimbe foni asanakwere galimoto, chifukwa Blantyre ili pa mtunda wa makilomita oposa 200 ndipo kukabwezedwa pakhomo la fiyeta kukanawathera ndalama ndi mtima womwe.

Miyezi itatu imeneyo tinaigwiritsa ntchito. Anapatsidwa albendazole wa njoka za m'mimba ndi mankhwala owonjezera magazi. Phala la m'mawa linayamba kuthiridwa nsinjiro ndi supuni ya mafuta ophikira, dzira katatu pa sabata, ndi kachakudya kena pakati pa nsima ya masana ndi ya madzulo. Ndinaonerera akudya kuti ndidziwe ngati amatsamwa. Samatsamwa, koma amachedwa, ndipo akadyera mbale imodzi ndi abale ake ndiwo zimatha iye asanakhute. Anamupatsa mbale yakeyake. Nditawerenga mapiritsi a phenobarbitone ndinapeza kuti ena amatsala: mayi ankaleka kumumwetsa akaona kuti papita nthawi osagwa. Tinagwirizana kuti amwe usiku uliwonse, ndipo atenge okwanira ulendo wonse. Pofika Julayi sikelo inali itakwera ndi kilogalamu imodzi ndi theka ndipo magazi anafika pamene dokotala wogonetsa amafuna.

Kutatsala masabata atatu ndinapeza mphini zatsopano kuseri kwa mawondo onse awiri, zopakidwa mankhwala akuda. Agogo anavomera kuti ndi iwo anapita naye, kuti atetezedwe paulendo. Sindinawakalipire. Munthu amene wachita zimenezi wachita chifukwa chokonda mwana, ndipo ukamunyoza amangobisa zotsatira. Ndinawaonetsa kuti pamene pali mphinipo ndi pomwe mpeni wa dokotala udzadutse, ndipo chilonda chikachita mafinya pansi pa chikhakha palibe angachione. Tinatsuka, tinayang'anira, ndipo zinapola nthawi isanakwane. Ndinawapempha kuti chilichonse chakumwa cha kwa asing'anga asiye, ndipo ngati wamwa, anene kwa dokotala wogonetsa popanda manyazi. Pemphero ndinati apitirize ndithu.

Za kusala kudya ndinabwereza katatu, chifukwa ndikudziwa mtima wa mayi wa mwana amene amavutika kudya. Lamulo lofala ndi lakuti chakudya, phala, mkaka ngakhale thobwa zilekeke maola 6 opaleshoni isanachitike, madzi oyera okha mpaka maola 2, koma ola lenileni amanena ndi a kuwodi. Ndinafotokoza chifukwa chake: munthu wogonetsedwa sangatsokomole, ndiye zimene zili m'mimba zikabwerera zimalowa m'mapapo. Mankhwala a khunyu okha ndiwo sadumphitsidwa.

Masabata 6 a zikhakha, tisanafikeko

Gawo ili ndi limene ndinatherapo nthawi yambiri, ndipo ndikuganiza kuti ndi limene timalinyalanyaza kwambiri. Ndinatenga timatabwa tiwiri ndi mpini wa tsache, ndinamanga miyendo ya mwana ndi zitenje mowongoka ndi motangadza monga zidzakhalire, n'kuuza mayi kuti amubereke. Anayesa, analephera. Kwa zaka 8 msana wawo ndiwo unali galimoto ya mwanayu, ndipo palibe anali ataganiza kuti kwa masabata 6 sudzagwira ntchito. Tinaphunzira kumunyamula anthu awiri, wina kumapewa wina pansi pa ntchafu, osagwira ndodo yapakati ija. Tinayesa kulowa naye pakhomo la nyumba, anafunika kupendekeka. Apa ndi pamene bambo analankhula koyamba mwaufulu, nati kunyamula kukhala kwawo, ndipo sapita ku geni ya kachewere kumsewu mpaka zikhakha zitachoka.

Chimbudzi chawo n'chokumba, chili chapatali, khomo lake n'lopapatiza. Kalipentala wa m'mudzimo anabowola mpando pakati, pansi pake n'kuikapo ndowa. Pogona tinaika matiresi m'malo mwa mphasa, ndi kansalu kopindidwa pansi pa akakolo kuti zidendene zisatsamire pansi. Ndinawaphunzitsa kumutembenuza pafupipafupi usana, kumugoneka chafufumimba kangapo pa tsiku, ndi kuyang'ana khungu la m'matako ndi m'mphepete mwa zikhakha madzulo aliwonse. Ndinachenjeza za moto: m'chisanu ana amaothera pafupi, ndipo mwana amene sangasunthe miyendo angapse osatha kuthawa. Ndinachenjezanso za kukanda m'kati ndi kamtengo, ndi za ana anzake amene angaponyemo njere za chimanga posewera.

Zizindikiro zoopsa tinazilemba papepala m'Chichewa, mlongo wake wamkulu wa Sitandade 7 n'kuziwerenga mokweza: zala zotupa, zozizira, zotuwa kapena zakuda, ululu wosamva mankhwala, fungo loipa kapena madzi otuluka m'chikhakha, kutentha thupi, kugwa khunyu mobwerezabwereza. Chimodzi mwa izi chikaoneka, kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Atsibweni anasunga ndalama ya galimoto padera, ndi ya mipando iwiri ya minibasi pobwerera, poti miyendo yotangadza sikwana pampando umodzi.

Mwana mwiniwake

Tsiku lina mayi atatuluka, mnyamatayu anandikoka malaya n'kufunsa motsitsa mawu, "Akandidula miyendo?" Anali atamva akuluakulu akukangana usiku, miyezi inayi yapitayo, ndipo anazisunga mumtima nthawi yonseyo osauza munthu. Tonse tinkakambirana za iye ali pomwepo, koma palibe anali atalankhula naye.

Ndinamuuza kuti ayi, adzadzuka ndi miyendo yake yonse, zala zikuoneka kumapeto kwa zikhakha, ndipo adzaziwerenga yekha. Ndinanyowetsa bandeji ya chikhakha n'kukulunga dzanja langa iye akuona, anaigogoda itauma, kenako ndinaichotsa. Ndinabwereka chophimba pamphuno cha ku fiyeta kuti achigwire ndi kupumiramo. Ndinamuuza zoona kuti jakisoni wa diripi amabaya, ndipo akadzuka miyendo idzapweteka, koma anene ndipo adzapatsidwa mankhwala. Anafunsa ngati amayi ake adzakhalepo. Ndinati adzamuperekeza mpaka pakhomo, ndipo akadzuka adzawaitanira. Anapempha kutenga galimoto yake ya mawaya.

Opaleshoni ndi zotsatira

Opaleshoni inachitika pa tsiku lake monga inalembedwera. Usiku woyamba ndi wachiwiri minofu inkakokana m'zikhakha ndipo analira kwambiri. Anapatsidwa diazepam pamodzi ndi mankhwala a ululu. Mayi anandiuza pafoni kuti sanachite mantha chifukwa tinali titakambirana kuti zimenezi zimachitika. Sanagwe khunyu. Anadzimbidwa masiku anayi, zinatha ndi madzi ambiri ndi papaya. Anatuluka patapita masiku 5.

Sabata yachitatu bambo anaimba kuti mwana akudandaula chidendene chakumanzere usiku wonse ndipo paracetamol sakuthandiza. Anabwera naye m'mawa mwake. Tinatsegula kazenera pachikhakha n'kupeza khungu lofiira lomwe linali litayamba kunyuka, lisanakhale chilonda chakuya. Linapola m'masiku 10. Akanadikira tsiku la kiliniki nkhani ikanakhala ina.

Zikhakha zitachotsedwa miyendo inali yowonda, khungu likufunduka, ndipo mwana anakana kupinda mawondo chifukwa cha ululu. Anayezedwa zovala za pulasitiki zogwira phazi ndi akakolo. Sabata ziwiri zotsatira sankatha kuima ngakhale atagwira choyendera. Pa kiliniki mayi anandiuza mosabisa, "Adokotala, anali bwino kale." Atsibweni, amene anabwera nawo tsiku limenelo, ndiwo anawayankha: "Mlongo wanga, paja anatiuza pakhonde paja kuti ziyamba chonchi." Ine ndinangowonjezera masiku a mafizo kukhala kawiri pa sabata kwa mwezi umodzi, ndipo bambo anamanga mitengo iwiri yogwirira pabwalo, yotalika mofika m'chiuno mwa mwana, kuti aziyeserera m'mawa ndi madzulo.

Ndamuona sabata yatha, miyezi 5 chichitikireni opaleshoni. Akavala zovala za kumapazi zija ndi nsapato, zidendene zonse zimafika pansi ndipo miyendo sipingasananso. Amayenda ndi choyendera kuchoka pakhonde kukafika pankhokwe n'kubwerera osapuma. Mayi amamusambitsa mosavuta. Kusukulu sanayambe kupita yekha. Bambo amamutengera panjinga katatu pa sabata, ndipo ndalembera kalata aphunzitsi aakulu yopempha kuti akhale pampando wokhala ndi chotsamira m'malo mokhala pansi. Bondo lakumanzere limayamba kupindika akatopa, ndiye ndawonjezera zolimbitsa minofu ya kutsogolo kwa ntchafu ndi ya m'matako, komanso kugona chafufumimba theka la ola tsiku lililonse. Chovala cha phazi lakumanja chayamba kumukhula pakakolo ndipo chikufunika kukonzedwa mwezi uno. Mvula yayamba, msewu wa kwawo uvuta, choncho mlangizi wa zaumoyo azimuyendera kawiri pa mwezi n'kumanditumizira kanema wa mayendedwe ake pa WhatsApp. Dokotala wa mafupa adzamuonanso mu Febuluwale, ndipo X-ray ya chiuno ijambulidwenso chaka chikakwana.